Kalata kwa Mwana Wopita ku Tokyo Kukaphunzira Masewera Ogwetsana

Wokondedwa mwana wanga,

Pa masewera ogwetsana opezerapo ndalama, mphunzitsi wamkulu wa wongoyamba kumene ndi mkhalakale amene walowa naye m'bwalo. Wopambana amasankhidwiratu ndi akuluakulu a kampani, koma kugwa ndi ululu n'zenizeni. Choncho luso lagona pa zinthu ziwiri: kuteteza thupi la mnzake ndi kugwira mitima ya oonerera. Ziwirizi munthu amaziphunzira ali m'manja mwa amene anayamba kale.

Kampani ya New Japan Pro-Wrestling, imene Antonio Inoki anayambitsa mu 1972, imaumba ophunzira ake motsatira mfundo imeneyi. Ophunzirawo, otchedwa Young Lions, amagonera pa malo ophunzitsira ku Setagaya mumzinda wa Tokyo. Amasesa, kuchapa zovala za akuluakulu ndi kuphika chanko, chakudya chamsuzi cha nyama ndi masamba. M'bwalo amavala kabudula wakuda ndi nsapato zakuda, ndipo amaloledwa njira zochepa zogwetsera. Akakhala kuti sakusewera, amaima m'mphepete mwa bwalo atanyamula madzi oundana othowera ovulala. Malo amenewo ndi kalasi: wophunzira amaona pafupi mmene katswiri akupondera, nthawi imene akupumira, ndi pamene akudikira kuti anthu ayambe kukuwa.

Phunziro loyamba ndi kumvera. Nthawi zambiri mkhalakale ndiye amatsogolera masewero, ndipo amanong'ona chochita pamene wapana mutu wa mnzake m'khwapa. Wongoyamba amakonda kuthamanga chifukwa cha mantha ndi chikhumbo choonetsa zonse zimene akudziwa. Mkhalakale amamugwira zolimba kuti adekhe. Wophunzira akamenyedwa pachifuwa n'kudzambatuka nthawi yomweyo, wapeputsa nkhonya ya mnzake ndipo oonerera sakhulupiriranso chilichonse. Akagona pang'ono, nkhope itakwinyika, dzanja lili pomwe pamenyedwapo, anthu amamva ululuwo limodzi naye.

Phunziro lachiwiri ndi kusunga moyo. Pansi pa chinsalu cha bwalo pali matabwa ndi kasiponji kopyapyala. Wogwa chagada amagunditsa chibwano pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, n'kutambasula manja kuti msana wonse ufike nthawi imodzi. Wonyamula mnzake wanyamula khosi la mwana wa eni ake. Ukatswiri weniweni umaoneka pamene onse awiri atuluka m'bwalo akuyenda ndi miyendo yawo.

Phunziro lachitatu ndi kugonja mosataya mtima. Kenta Kobashi, amene anayamba mu 1988 ku All Japan Pro Wrestling, anagonja masewero ake 63 oyambirira motsatizana, ndipo kulimba mtima kwake m'kugonjako n'kumene kunachititsa kuti anthu amukonde. Kazuchika Okada anatumizidwa ku America mu 2010, kumene sanapatsidwe mpata waukulu. Atabwerera mu 2012 anagonjetsa Hiroshi Tanahashi ku Osaka n'kutenga lamba wa ukatswiri wa IWGP ali ndi zaka 24. Masewero akatha, wophunzira wanzeru amapita kwa mkhalakale, kuthokoza, kufunsa pamene analakwitsa, ndi kumvetsera osadziikira kumbuyo. Safunsa anadya phula.

Komabe si chilichonse cha akuluakulu chimene n'choyenera kutengera. Mu April 2017, Katsuyori Shibata anagunda Okada ndi mutu mwamphamvu, magazi n'kukha mkati mwa chigaza cha Shibata mwiniyo. Anachitidwa opaleshoni ndipo anatha zaka zoposa zinayi asanasewerenso. Wophunzira amene wagunda mutu, akumva chizungulire kapena kusanza, aziuza adokotala tsiku lomwelo, ngakhale wina amutche wamantha. Azikananso mapiritsi opha ululu ndi mankhwala okulitsa minofu amene sanalembedwe ndi dokotala, pakuti apititsa kumanda ogwetsana ambiri akadali anyamata. Kudzudzulidwa ndi gawo la maphunziro, koma nkhanza zongofuna kuvulaza n'zoyenera kukanena kwa oyang'anira.

Wongoyamba amene amafika msanga, kupereka moni kwa aliyense, kumvera m'bwalo ndi kusamala thupi la mnzake ndiye amene akuluakulu amapempha kuti asewere nayenso. Mpata wokwera pamwamba umachokera pa kukhulupirika kumeneko.

Uyende bwino, mwana wanga, ndipo Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.