Foni yanga ndi anthu ogona m'khonde

Anthu ogona m'makhonde a masitolo ku Limbe amadzuka m'mawa kuposa tonsefe. Ikamakwana 6 koloko amakhala atapinda kale makatoni awo, chifukwa eni masitolo safuna kuwapeza pakhomo. Ine ndimagwira ntchito mu sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ndine ndimatsegula. Choncho ndimawaona tsiku lililonse: ana, azibambo, nthawi zina mayi ndi khanda kumbuyo.

Ambirife tikawaona timapisa m'thumba kufuna ndalama yaing'ono, kapena timayang'ana kumbali. Sindinyoza wopereka ndalama, njala siidikira. Koma chinthu chomwe ndaona chikuthandiza kwambiri ndi foni yomweyi timaoneramo TikTok, kuphatikiza ola limodzi la nthawi yathu. Malo othandiza alipo mu Blantyre muno, koma munthu wogona panja sadziwa chitseko chake, ndipo akachidziwa amaopa kugogoda yekha.

Tsiku lina m'nyengo ya chiperoni ndinapeza mnyamata wa zaka ngati khumi ndi chimodzi akunjenjemera, mwendo uli ndi bala lotukusira. Ndinamugulira tiyi ndi mandasi kaye, mafunso pambuyo. Atakhuta ndi pomwe anandiuza kuti kwawo ndi cha ku Mulanje, ndipo anathawa bambo omupeza omwe ankamumenya.

"Achimwene, musandipititse kupolisi," anatero.

"Iwe, palibe akukumanga pano. Tiyeni tiimbe foni, uzimva wekha zomwe ndikunena."

Ndinaimba 116. Iyi ndi nambala yothandiza ana, ya Tithandizane Helpline yomwe amayendetsa a YONECO, ndipo siidya mayunitsi. Anandifunsa msinkhu wa mwanayo, komwe tili, ndi ngati ali pangozi nthawi yomweyo, kenako anandilozera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ija timangoti kwa a Social Welfare. Ofesiyi ili m'boma lililonse, ndipo malinga ndi lamulo loteteza ana la 2010, mwana wosowa womusamalira ndi nkhani ya boma. Tinayamba ndi kuchipatala kukatsukitsa bala, ine kugula kabuku ka chipatala, kenako ulendo wa ku ofesi.

Mantha a mnyamatayo pa apolisi ali ndi chiyambi chake. Kwa zaka zambiri munthu wopezeka panja usiku ankangotoledwa pa mlandu wa vakabu. Mu 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa akupita ku malonda ake mbandakucha, linagamula kuti gawo lina la lamuloli likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma m'khonde mantha adakalipo. Nchifukwa chake ngakhale kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, yomwe ntchito yake ndi kuthandiza ochitiridwa nkhanza, mwana wa mumsewu sangaloweko popanda wamkulu womuperekeza.

Kwa ana njira ilipo ndithu. Ku Blantyre kuli Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust, ku Lilongwe kuli Tikondane. Onsewa amagwira ntchito ndi ana a mumsewu, ndipo cholinga chawo chachikulu n'kubwezeretsa mwana kwa abale ake ndi kusukulu. Mwana wogwiriridwa amathandizidwa ku One Stop Centre ya ku chipatala cha Queens, komwe adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka malo amodzi.

Akuluakulu ndiye nkhani yovuta. Mwana amamvetsa chisoni, koma bambo wa ndevu zake akagona panja anthu amangoti ndi chidakwa kapena wamisala. Ena ndi odwaladi matenda a muubongo, ndipo amenewo sitiwamangirira chingwe kapena kuwathira madzi. Chipatala cha boma chimawaona, ndipo chikaona kuti n'koyenera chimawatumiza ku Zomba Mental Hospital. Koma ambiri omwe ndacheza nawo mutu wawo ndi wabwinobwino. Wina anabwera kudzadwazika mkazi wake, mkaziyo anamwalira, ndalama yobwerera inathera pa maliro. Wina anatuluka kundende, kwawo anamukana. Mayi wina nyumba ya lendi yomwe ankakhala cha ku Chilobwe inapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo chiphaso chake chaunzika chinapita limodzi ndi nyumbayo. Popanda chiphaso, ngakhale kulembetsa simu khadi n'kosatheka.

Kwa anthu otere ndimafunsa funso limodzi: "Bambo, alipo m'bale amene nambala yake mukuikumbukira?" Mungadabwe. Ambiri amaisunga m'mutu, chomwe alibe ndi foni. Bambo wa maliro uja tinaimbira mlongo wake ku Ntcheu. Mayiyo anakuwa kuti ndinamva ndili poteropo, iwo ankayesa kuti mchimwene wawo naye anafa. Anatumiza ndalama ya basi pa foni yanga madzulo omwewo, ine kuwakweza ku Wenela.

Chimodzi chokha chimandinyansa: anzathu ojambula munthu akulandira mbale ya nsima n'kumuponya pa Facebook. Munthuyo ali ndi ana, ali ndi apongozi kumudzi. Mukufuna amuone choncho eti? Komanso mwana wa mumsewu osamutengera kunyumba kwanu, ngakhale mtima ukufuna. Achibale ake akhoza kukhala akumufunafuna, ndipo inu mungadzipalire mlandu.

Mnyamata wa ku Mulanje uja anamupezera malo, koma patatha milungu itatu ndinamuonanso pamsika ndi anzake, akunyamulira anthu katundu. Anati kumeneko kunali malamulo ambiri, ndipo anasowa anzake. Sindinamukalipire. Ndinangodziwitsa amene ankatsatira nkhani yake kuti wabwerera, ndi malo omwe amagona. Iwo akuyesa kulankhula ndi agogo ake akuchikazi, kuti mwina akakhale kumeneko m'malo mobwerera kwa bambo omupeza aja. Bala lija linapola. Loweruka lililonse amabwera ku sitolo kudzafunsa ngati agogo aimba.