Si Thupi Lanu Limene Lazolowera

Pali mawu ena amene timangowayankhula osawaganizira: "Ine amokisilini sandithandizanso, thupi langa linazolowera." Mumawamva mu minibasi, ku saluni, ngakhale pa gulu la WhatsApp la pachibale. Wonenayo amanena monyadira pang'ono, ngati munthu amene mowa unasiya kumuledzeretsa. Koma zoona zake n'zakuti thupi la munthu silizolowera maantibayotiki. Amene amazolowera ndi mabakiteriya. Ndipo chimene chimandichititsa nthumanzi n'chakuti bakiteriya akadziwa njira yogonjetsera mankhwala, sasunga chinsinsi. Amagawira anzake.

Nkhaniyi inandifika pamtima chaka chatha, pamene ndinali gadiyani wa amayi anga aang'ono pa chipatala china cha m'boma lathu. Anawachita opaleshoni ya m'mimba ndipo inayenda bwino, koma patatha masiku angapo bala linayamba kutuluka mafinya, thupi n'kutentha. Ankawabaya ceftriaxone tsiku ndi tsiku, uja anamwino amangomutchula kuti "sefu", koma osasintha. Adokotala atanena kuti mankhwalawo sakugwira, amayi anadzuka pang'ono pabedi n'kufunsa: "Adokotala, ine chibadwire jakisoni ameneyu sindinabayitsepo. Ngakhale Panado ndimachita kukakamizidwa. Ndiye thupi langa lazolowera liti?"

Adokotalawo anayankha mofatsa: "Mayi, si thupi lanu ayi. Ndi tizilomboto. Tinabwera titaphunzira kale."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, iwe unapita kusukulu. Tizilombo timaphunzira kuti?"

Funso limeneli ndi limene linandipangitsa kutha mabando usiku, nditakhala pa chitenje pansi pa bedi lawo. Yankho lake ndi kanthu kakang'ono kotchedwa pulazimidi.

Bakiteriya aliyense ali ndi DNA yake yaikulu, imene tingati ndi memori ya mkati mwa foni, mmene muli zonse zomupangitsa kukhala iyeyo. Koma ambiri amakhalanso ndi timphete ting'onoting'ono ta DNA tapadera, tokhala ngati memori khadi. Timeneti ndi mapulazimidi, dzina limene wasayansi wa ku America, Joshua Lederberg, anapereka mu 1952. Pa kamphete kameneka pamatha kukhala malangizo opangira chida chodula mankhwala asanagwire ntchito. Chimodzi mwa zida zofala kwambiri kuno kwathu chimatchedwa CTX-M-15, ndipo ntchito yake ndi kuphwanya mankhwala a mtundu wa ceftriaxone.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Mabakiteriya awiri akayandikana, mmodzi amatulutsa kaulusi n'kukoka mnzakeyo, kenako amamukopera kamphete kaja. Ndi zimene timachita potumizirana nyimbo pa Bluetooth: wotumiza amatsala nayo, wolandira nayenso wakhala nayo, ndipo akhoza kutumiziranso ena. Safunikanso kukhala a mtundu umodzi. E. coli akhoza kupatsa Klebsiella, monga mmene Itel imalandirira fayilo kuchokera ku Samsung. Choipa china, pulazimidi imodzi imatha kunyamula malangizo ogonjetsera mankhwala atatu, anayi kapena kuposa. Ndiye munthu akamwa bakitilimu chifukwa cha chimfine, amapha mabakiteriya osatetezeka a m'matumbo mwake n'kusiyira malo aja onyamula kamphete, kamene mwina kali ndi chida chophwanyira sefu. Pamalo abwino E. coli amagawikana pawiri m'mphindi 20 zokha. Werengani nokha kuti pofika mawa angakhale angati.

Si zatsopano izi. Ku Japan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madokotala anadabwa kuona bakiteriya woyambitsa kamwazi, Shigella, akukana mankhwala anayi nthawi imodzi. Mu 1959 asayansi a kumeneko anasonyeza kuti kusamva mankhwalako kumatha kusamuka pakati pa Shigella ndi E. coli. Patapita zaka 50, mu 2009, kunalengezedwa za NDM-1, chida chophwanya ngakhale mankhwala amphamvu ngati meropenem, amene madokotala amawasunga kuti ena onse akakanika. Anachipeza mwa wodwala wa ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi, ndipo m'zaka zochepa chinali chitapezeka m'mayiko ambirimbiri. Pulazimidi safuna pasipoti, imangokwera ndege m'matumbo mwa munthu.

Mwina mukuti zimenezo n'zakunja. Ayi ndithu. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuja ena amati ku Gulupu, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2017 zinasonyeza kuti mu 2003, mwa E. coli 100 aliwonse opezeka m'magazi, osakwana n'komwe mmodzi ndi amene ankakana mankhwala a mtundu wa ceftriaxone. Pofika 2016 anali 30 pa 100 aliwonse. Kwa Klebsiella, amene amavutitsa kwambiri makanda, chiwerengero chinachoka pa 12 n'kufika pa 90. Zaka 13 zokha. Sikuti ku Gulupu ndiye kwaipa kuposa kwina. Kungoti kumeneko kuli labu yoyeza ndi anthu olemba. Zipatala zambiri sizitha kuyeza magazi mwanjira imeneyi, choncho dokotala amapereka mankhwala amene alipo n'kudikira kuona ngati wodwala asinthe.

N'chifukwa chiyani wodi ndi malo okoma chonchi kwa mapulazimidi? Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa. Mu wodi timakhala ngati mudzi. Wina alibe kapu, mumamubwereka. Beseni limodzi limazungulira mabedi asanu. Tchaja imodzi imadutsa m'manja khumi tsiku lisanathe. Mayi wa bedi loyandikana akafuna kupita kuchimbudzi gadiyani wake ali kophikira phala, umamugwira mkono, chifukwa ndiwo umunthu. Namwino mmodzi amayenda kuchoka pa bala ili kupita pa kanyula uyo, odwala ali mbwee mpaka pansi. Pamwamba pa zonsezi, ambiri mwa ogona pamabedi amenewo ali pa maantibayotiki, ndiye mabakiteriya ofooka amafa tsiku lililonse, olimba n'kumatsala. Amabisala m'masinki, m'mipope ya madzi oipa, pa zitsulo za bedi, ndipo akakumana amagawana timphete tawo. Mabala otseguka, machubu a mkodzo ndi madiripi ndi makomo olowera. Ife tikugawana mwachikondi, iwonso akugawana.

Komanso si onse amachokera m'chipatala. Anthu ambiri abwinobwino, mwina inu ndi ine, tikuyenda ndi mabakiteriya osamva mankhwala m'matumbo osadwala chilichonse. Amangodikira tsiku la opaleshoni, la uchembere kapena la ngozi ya kabaza. Amayi anga aang'ono anachira atawasinthira mankhwala ena ovuta kupeza, koma anakhala mu wodi milungu isanu m'malo mwa umodzi, ndipo geni yawo ya zitumbuwa inagwa. Ena sizitha choncho. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kum'mwera kwa Sahara ndi imene inakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake.

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Pa nkhani iyi zatembenuka: nkhuyu tikudya ndife akuluakulu, koma zikukapota khanda lobadwa masiku osakwana limene silinamwepo kapisozi ndi mmodzi yemwe. Makapisozi awiri ogula pa okala chifukwa cha chifuwa, mankhwala otsala amene timapatsa m'bale wathu, aja timasungunulira nkhuku m'madzi kuti zikule msanga, zonsezi ndi sukulu ya mabakiteriya. Ndipo omaliza sukuluyo sakhala mwa ife tokha.

Sindikunyoza munthu wogula mankhwala pa okala. Chipatala chikakhala kutali, mzere wautali, kufamase n'kukuuzani kuti "kagule", munthu amachita zimene angathe. Koma ife amene tili ndi mafoni m'manja, amene achibale amatifunsa kuti "tandionere pa intaneti, ndimwe chiyani", tili ndi kagawo kathu. Tikhoza kunena kuti chimfine chimayamba ndi vairasi ndipo amokisilini sachita kanthu pa vairasi. Tikapita kukazonda wodwala, m'jumbo ya nthochi ndi Sobo tiziponyamonso sopo, n'kusamba m'manja tisanagwire wodwala komanso tikamachoka. Ndipo andale akamabwera kudzalonjeza zipatala zansanjika, tiziwafunsa funso losasangalatsa: kodi mu wodi ya ana pa chipatala chathu, mpopi ukutuluka madzi usana ndi usiku? Nanga labu ili ndi zipangizo zoti dokotala adziwe bakiteriya amene akulimbana naye?

Mankhwala amenewa ali ngati mjigo wa m'mudzi. Aliyense amatungapo, ndipo ukawonongeka sufunsa kuti anapopa molakwika ndani. Ludzu limagwira mudzi wonse, kuyambira ndi wofooka.