Boyle ndi injini ya alamu anga

Aphunzitsi anzanga a Physics, lamulo la Boyle timaliphunzitsa ngati chinthu chongoloweza: mpweya ukapanikizidwa pamalo aang'ono, mphamvu yake yokankha imakwera. Ana amasunga chaka cha 1662, MSCE ikadutsa n'kuiwala. Koma kuno kunyanja lamuloli ndi ndiwo. Injini ya boti ikataya kompuresheni, usipa sufika pakhomo.

Alamu anga ali ndi Yamaha Enduro ya 15 hp, ya masilinda awiri, yomwe yaona zambiri. Patchuthi chapitachi inayamba kuvuta kulira, ikalira n'kumazima, ndipo chingwe chake chimakoka mopepuka. Anali atagula kale mapulagi kawiri n'kutsukitsa kabureta, osathandiza. Makaniko wina anawauza kuti agule mapisitoni ndi malingi atsopano, ndalama yomwe ikanadya fizi ya ana awiri. Ndinawapempha kuti, "Alamu, musanagule chilichonse tiyambe tayeza."

Kuyezako si kovuta. Ndinabwereka geji ya kompuresheni. Injini muitenthetse kaye ngati ikulola. Chotsani mapulagi onse awiri ndi kachingwe kozimitsira injini kaja kuti moto usatuluke. Tsegulani throttle mpaka kumapeto, mangani geji pabowo la pulagi, ndipo kokani chingwe mwamphamvu kanayi kapena kasanu mpaka muvi utasiya kukwera. Lembani nambala, kenako chitani chimodzimodzi pa silinda inayo.

Nambala imodzi payokha isakuopseni. Mageji amasiyana, komanso nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho mpweya wathu ndi wopepukirapo ndipo geji imawerenga motsikirapo pang'ono. Chofunika ndi kufananitsa. Masilinda awiriwa akasiyana ndi zoposa 10 peresenti, pali vuto. Kwa ife ya pamwamba inapereka 115 psi, ya pansi 70.

Tsopano mpweya ukuthawira kuti? Injini ya two-stroke ilibe mavavu kumutu ngati ya galimoto, ndiye njira zodziwika ndi ziwiri: m'mbali mwa pisitoni, kapena pa gasiketi ya kumutu. Thirani supuni yaing'ono ya oyilo m'silinda yofookayo n'kuyezanso. Oyilo amatseka mpata kwa kanthawi. Nambala ikalumpha, malingi atha, agwidwa ndi mwaye, kapena khoma la silinda lakandika. Ikangokhala pomwepo, kayikirani gasiketi. Yathu inasuntha pang'ono zedi. Pulagi ya pansi nayo inali yoyera ngati yochapidwa, pomwe inzake inali yoderako monga mwa masiku onse. Madzi akalowa m'silinda amasanduka nthunzi n'kutsuka mwaye wonse.

Titamasula mutu tinapeza gasiketi itapsa mbali imodzi, koma khoma la silinda lili losalala. Apa panatsala funso lomwe ambiri amalilumpha: chinaipsetsa n'chiyani? Alamu anakumbukira kuti kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini kanali katachepa kwa milungu ingapo. Tinatsegula pampu ya madzi kumwendo kwa injini, ndipo impela yake ya labala inali itadyeka. Asodzi akamakocheza injini ikulira, pampu imayamwa mchenga. Madzi oziziritsa akachepa, mutu wa aluminiyamu umatentha, nthawi zina n'kupindika. N'chifukwa chake tinauyeza ndi rula yachitsulo tisanaike gasiketi yatsopano. Kusintha gasiketi osasintha impela ndi kutunga madzi ndi dengu.

Titamanga zonse, masilinda awiri aja anafanana. Zogula zinali gasiketi ndi impela basi.

Inu ana anga akale amene tsopano muli ndi maboti kapena mukukonza injini kudoko, yezani injini ikadali bwino ndipo mulembe nambalazo m'kope, kuti tsiku la vuto mudzakhale ndi pofananitsira. Musamaumire oyilo posakaniza ndi petulo, tsatirani muyezo wa m'buku la injini yanu. Mukangoliza, yang'anani kamtsinje kaja musanachoke pagombe. Mwera ukayamba mu June kapena July, silinda imodzi singabweze boti lodzaza anthu ndi chilimira chonyowa, ndipo m'botimo mumakhala ana a eni.