Makina Akaima, Osathamangila Kukamba Kuti Board Yapsa

Ise amene tiseŵenza pa makina a CNC odula na kusema granite muno mu Lusaka, nchito yathu yambili ni miyala ya pamanda na ma top a m'khichini. Makinawa amacokela ku China kapena ku Italy, ndipo amene anawapanga ali kutali. Koma kasitomala ali pafupi. Banja lakonza kale tsiku lovumbula mwala wa amayi awo, abale agula matikiti a basi kucokela ku Chipata na ku Petauke, ndiye makina aima dzina lili pakati. Mwala wakuda wocokela ku Mutoko, ku Zimbabwe, ukaonongeka sumatika. Ugula wina.

Panthawi ngati imeneyo mtima umathamanga, ndipo mau oyamba kumveka mu shopu ni akuti, "Board yapsa." Mau amenewa ni odula maningi, cifukwa atanthauza kuoda cinthu kunja na kuyembekeza mawiki. Zimene taona n'zakuti nthawi zambili vuto imakhala yaing'ono, yakuda na matope, ndipo ili pamaso pathu. Cofunika ni kufufuza mwa dongosolo, kuyambila pa zinthu zochipa kupita ku zodula.

Coyamba, timaŵelenga alamu. Tisanakanikize reset, timajambula skilini na foni: nambala ya alamu, axis imene yakambidwa, kaya ni X, Y olo Z, na mzele wa pulogilamu pamene makina aimila. Ukacita reset usanaŵelenge, uli ngati munthu amene wafika ku kiliniki n'kuiŵala pamene pamuŵaŵa.

Ndiyeno timayang'ana zija zooneka zopusa. Kodi batani lofiila la emergency stop silinakanikizike na thupi la munthu popita? Kodi kompresa ikupeleka mphepo yokwanila? Makina ambili osintha okha ma tool amafuna mphepo ya pafupifupi 6 bar, ndipo ikatsika amakana kugwila nchito. Mu thanki ya kompresa mumasonkhana madzi, ndipo ngati sitiwakhetsa amaloŵa m'mapaipi n'kuyamba kuvutitsa ma valve. Nanga madzi ozizilitsa akufika pa tool? Granite ni yolimba cakuti imadulidwa na dayamondi, ndipo tool ya dayamondi ikasoŵa madzi imatentha n'kuonongeka mwamsanga. Kambili pampu imakhala ili bwino, cabe sefa yatsekeka.

Mdani wamkulu mu shopu yathu ni matope a mwala, aja oyela amene amapangika fumbi ikasakanizika na madzi. Akauma amagwila ngati simenti. Akamata pa sensor ya kumapeto kwa axis, makina amaganiza kuti afika kumalile pamene ali pakati pa tebulo. Kansalu na madzi oyela zimathetsa alamu imene munthu anali kufuna kuitanila tekinishani. Matope amodzimodziwo akaloŵa pa labala ya ma vacuum pod ogwila mwala, mphamvu yokoka imacepa, mwala umasuntha pang'ono, ndipo malembo amapendama. Ngati makina amaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, timakayikila mawaya a mu cheni ija imene imapindika gantry ikamayenda. Waya ungathyoke mkati, kunja uli wooneka bwinobwino, n'kumalumikiza na kuleka malinga na mmene wapindikila.

Nkhani ya malaiti tonse tiidziŵa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, mashopu ambili anali kuseŵenzela pa jeneleta olo usiku malaiti akabwela. Makinawa amadya magetsi a three phase, a 400 volts. Phase imodzi ikasoŵa olo ikatsika, inverter imene imazungulutsa spindle imapeleka alamu ngakhale kuti mababu mu shopu akuyaka. Multimeter m'manja mwa munthu wodziŵa zamagetsi imaonetsa zimenezi m'mphindi zoŵelengeka. Koma cenjelani: mkati mwa inverter muli ma capacitor amene amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa switch yaikulu. Timayembekeza nthawi imene yalembedwa pa cikwangwani cake, n'kupima, tisanagwile ciliconse. Malaiti akabwelela, makina ambili amakhala ataiŵala pamene anali. Timawabweza ku home, timapimanso zilo ya Z, ndipo timayendetsa pulogilamu m'mwamba, tool isanakhudze mwala, kuti tione ngati ikutsatila malembo amene anasemedwa kale.

Mavuto ovuta kwambili ni aja osabwela na alamu. Makina akuyenda, koma nchito ikutuluka yoipa. Apa mwala ndiwo umakamba. Bowo ya sinki ikatuluka ngati dzila m'malo mozungulila bwino, ndiye kuti axis imodzi ili na mpata: coupling yamasuka olo magiya adyeka. M'mbali mukamabenthuka, tool yatha, olo tikuithamangitsa kwambili, olo mu collet muli dothi ndipo ikuzungulila mopendama. Malembo akakhala akuya mbali imodzi, osaya mbali ina, mwala sunakhale level. Makutu nawonso ni cipangizo. Munthu amene amamvetsela spindle tsiku lililonse amadziŵa kuti ma bearing ayamba kutha, mawiki ambili isanaime.

Lamulo limene timaligwilitsa ni ili: sinthani cinthu cimodzi, yesani, lembani. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi makina n'kuyenda, simudzadziŵa cimene cinali vuto, ndipo ikadzabwelanso mudzayambila pa zilo. Ma parameter a makina timawasunga pa flash asanakhudzidwe na aliyense. Timakananso zacidule ziŵili, olo abwana akhale akuyang'ana wochi: kulumpha sensor yoteteza na kawaya, na kudula mwala wouma cifukwa pampu yafa. Fumbi ya granite ili na silica, imene imabweletsa silicosis, matenda a mapapo amene sacila. Palibe oda imene ingalipile mapapo a munthu wa zaka 25.

Zoona, nthawi zina board imapsadi, ndipo servo drive si yotsegula na sikuludilaiva cabe. Pamenepo timatumila ogulitsa makina uthenga pa WhatsApp. Ku China nthawi ili patsogolo na maola 6, conco ukatuma masana kuno, yankho ungaipeze mailo. Uthenga wakuti "makina siyenda" umadya masiku atatu a mafunso. Uthenga wokhala na cithunzi ca alamu, kavidiyo, ma volts amene tapima na zimene tayesa kale, umayankhidwa kamodzi.

Kwa imwe anzathu amene mwangoyamba nchito iyi: wokanikiza batani lobiliŵila angaphunzitsidwe mu wiki imodzi, ndipo angasinthidwenso mu wiki imodzi. Amene adziŵa cifukwa cake makina aima ni amene shopu siifuna kumutaya. Gulani kabuku ka exercise, mukaike mu pulasitiki kuti kasanyowe, kazikhala pafupi na makina. Alamu iliyonse, deti yake, na cimene cinaithetsa, lembani. Pakatha caka, kabukuko kadzakhala kakuyankha mwamsanga kupambana manual imene inabwela na makina.