Kakombo m'Chifuwa

Pali chizolowezi chimene chamera m'gulu lathu lino la alembi. Mnzathu akawerenga ndakatulo yoti palibe amene waimva, timaomba m'manja n'kumati, "Imeneyi ndiye surrealism!" Mawuwa anatchuka ndi André Breton wa ku France mu 1924, ndipo amanena za kalembedwe kotsata njira ya maloto, kosakaniza zinthu zimene masana sizikhalira pamodzi. Ine mwana wa kunyanja sindidana nako kalembedweka, koma kuomba m'manja kwathuku ndiye kukundidetsa nkhawa.

Taonani Boris Vian, amene ambiri amamuwerengera m'gulu la alembi otere. Anabadwa mu 1920 ku Ville-d'Avray, pafupi ndi Paris. Anaphunzira uinjiniya, koma usiku ankaliza lipenga la jazi m'chipinda chapansi chotchedwa Le Tabou. Mu 1947 anatulutsa buku la L'Écume des jours. M'bukumo muli piyano imene ukaiimba imakusakanizira chakumwa molingana ndi nyimbo yako. Zoseketsa ndithu. Koma kenaka Chloé, mkazi wa Colin, ayamba kudwala, ndipo dokotala apeza kuti m'phapo mwake mwamera kakombo. Inde, kakombo yemweyu amene timamuona atayala masamba m'madzi odekha a m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe. Mankhwala ake n'kumuzinga wodwalayo ndi maluwa ena ndi kumumana madzi akumwa. Colin agula maluwa mpaka chuma chake chonse chitha, zipinda za nyumba yawo ziyamba kufupika ndi kuda, ndipo Chloé amwalirabe.

Tsono amene anadwazikapo munthu wa chifuwa chachikulu safunika mphunzitsi womumasulira zimenezi. Amadziwa m'mene nyumba ya matenda imachepera, ndi m'mene mbuzi zimathera m'khola imodzimodzi. Vian mwini wake anali ndi nthenda ya mtima kuyambira ali mnyamata. Anafa nayo pa 23 Juni 1959, ali ndi zaka 39, m'nyumba ya kanema momwe ankaonetsa filimu yochokera m'buku lake lina. Kakombo uja, tsono, anali ndi mizu m'chifuwa cha mlembi.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti maluwa ndi mapiyano akewo sanamuputire mlandu. Boma linamukwiyira pamene analankhula mosabisa: nyimbo yake ya mu 1954, Le Déserteur, imene ili kalata ya munthu wokana kupita kunkhondo, inaletsedwa pa wailesi.

Kwathu kuno zinali zosiyana, pakuti ngakhale wolankhula mophiphiritsa sankapulumuka. Jack Mapanje anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango, m'boma lathu la Mangochi. Sanali woliza lipenga, koma khutu lake linaleredwa ndi nthano, zirapi ndi nyimbo za m'midzi ya Ayao ndi Anyanja, momwe kalulu amaweruza milandu ndipo mayi wosinja amadzudzula mwamuna wake poimbira mtondo. Muzikumbukiranso kuti m'Febuluwale 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere anaukira Fort Johnston, imene lero tikuti Mangochi, ndipo zitalephereka midzi ya kumeneko inazunzika kwambiri. Akuluakulu kwathu anaphunzira kuyamba ayang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa. Munthu wochokera dera lotere sachita kupita ku Paris kukaphunzira kuzungulira nkhani.

Mapanje anali mmodzi wa oyambitsa gulu la alembi la ku Chancellor College mu 1970, patangopita zaka ziwiri lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zisudzo litaperekedwa. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981. Dzina lokhalo likunena zambiri. Bilimankhwe amasintha khungu kuti adani asamuone, komanso m'nthano za makolo ndiye mthenga amene anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Mlakatuli wa masiku a Kamuzu anali zonse ziwiri: wobisala, ndiponso wonyamula uthenga umene anthu ankaudikira. Akuluakulu a boma sanali opusa, anamva. Mu 1985 bukulo linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamutenga Mapanje ku Gymkhana Club ku Zomba. Anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaimbidwa mlandu uliwonse.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Owerenga a nthawi imeneyo akavundukula bilimankhwe ankapeza munthu wodziwika ndi chinthu chimene wachita. Ife lero, pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha kale mu 1994, tikuvala chigoba cha anthu amenewa popanda chimene tikubisa. Sabata zapitazi ndamva ndakatulo za mwezi wotuluka magazi ndi mawotchi osungunuka, koma nditafunsa mwini wake kuti chikumupweteka n'chiyani, anangoti tanthauzo lili kwa wowerenga. Pepani achimwene, wowerenga sangakolole pomwe inu simunadzale.

Chikhalirecho nkhani zofuna kalembedwe ka maloto zilipo zambiri kwathu. Nyanja ya Malombe, imene inkadyetsa midzi yonse chambo, inayamba kuuma nsomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo masiku ano chimene chimadzaza makoka kwambiri ndi kambuzi. M'mphepete mwa nyanja yaikulu, kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako alendo yatseka madoko ena amene agogo athu ankakocheza mabwato. Ndipo usiku wopanda mwezi, asodzi a usipa akayatsa nyali zawo, pamadzi pamaoneka mzinda wathunthu woti m'mawa suupezanso. Ndakatulo ya mzinda umenewo sindinaimvebe m'gulu lathu lino.