Mwana akayamba kuboola zitsulo musamuthamangitse

Inu makolo anzanga, ngakhalenso inu a banja latsopano amene mukusunga mlamu wa Fomu 3, pali kamsinkhu kena kamene mnyamata amayamba kutolera mawaya, masipika akale ndi timabokosi ta chitsulo, ati akupanga ampulifaya. Ambirife tikangomva hamala kuseri kwa nyumba timayamba kukalipa. Ine ndimaona kuti kukalipako sikuthandiza. Pitani mukaone mmene akuboolera bokosilo, poti ngozi yagona pamenepo.

Bokosi lija limafunika mabowo omangirapo ma jack, aja timalowetsamo chingwe cha gitala kapena cha maikolofoni. Jack ya gitala ndi ya mamilimita 6.35, koma bowo lake limakhala pafupifupi mamilimita 10 chifukwa cha khosi lomangirapo nati. Ya maikolofoni ya mapini atatu ija, yotchedwa XLR, imafuna bowo la mamilimita 24 ndi ena awiri ang'onoang'ono a masikuluwu. Msomali ndi hamala sizingatulutse bowo lotere. Lata limangopindika, m'mphepete n'kutsala mano ocheka waya.

Ntchito ya msomali n'kungodinda kadontho pakati kuti drill isatereleke. Ayambe ndi kabowo kakang'ono, akulitse pang'onopang'ono, amalize ndi tupa lozungulira. Pansi aike thabwa, ndipo bokosilo alipane zolimba. Zoligwira ndi dzanja ayi ndithu: drill ikakodwa, lata limazungulira ngati mpeni, chala n'kupita. Magalasi oteteza maso mugulireni, mtengo wake sungafanane ndi diso la mwana.

China chimene anyamatawa amachita nacho ulesi n'kuchotsa kaye zam'kati zonse asanaboole. Kanyenyeswa kamodzi ka chitsulo kakagwera pamene pali mawaya, shoti basi, ndalama zonse zija zapsa. Ndiye kumbukirani kuti magetsi a m'nyumba zathuzi ndi a mavolti 230. Bokosi la chitsulo lolowa magetsi amenewa liyenera kumangidwa ku waya wa earth, apo ayi khanda lokwawa likadzaligwira mudzalira. Apapa ine sindinyengerera: wophunzira ayambire pa batire la mavolti 12.

Ngati pakhomo palibe drill, Loweruka mupite naye kwa owotcherera zitsulo atalemberatu malo a mabowowo ndi pensulo. Muwapemphe amisiriwo amulole kuima pafupi kuti aziona.