Mayina a Anthu Ogona

Tsiku lina m'kalasi yathu ya zauphunzitsi tinaonetsedwa zithunzi za anthu a ku Mexico amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa ndi masamba ku California. M'kachipinda ka lendi anali atayala nsalu patebulo n'kuikapo zithunzi za makolo awo omwalira, makandulo, madzi, mchere, buledi wotchedwa pan de muerto ndi maluwa achikasu a cempasúchil. Tebuloli amalitcha ofrenda, ndipo amalikonza pamwambo wa Día de Muertos. Pa 1 Novembala amakumbukira ana, pa 2 Novembala akuluakulu. Ambiri amakhulupirira kuti mizimu imabwera kudzacheza potsatira fungo la maluwawo.

Sitinachedwe kuweruza. Kuyambira kusekondale ya mpingo tinaphunzira kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu kufikira Yesu adzabwerenso. Izi timazikhulupirirabe, ndipo sitingamuikire wakufa chakudya. Koma aphunzitsi athu anatifunsa kuti, “Kodi mwafunsa chimene anthuwa akuopa kutaya?”

Ambiri mwa iwo ndi Amixtec ndi Azapotec ochokera ku Oaxaca. Amene alibe mapepala sangapite kumudzi kukaika maliro a mayi awo, chifukwa akatuluka mwina sadzaloledwanso kulowa. Manda amene akanakalambula ali kutali, ndiye patebulo paja ndi pamene mwana wobadwira ku America amamva dzina la agogo ake ndi la mudzi wawo.

Kuopa kuiwalika kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu Januwale 1948, ndege yobweza anthu kwawo ku Mexico inagwa ku Los Gatos Canyon ku California. Mwa anthu 32 amene anafa, 28 anali a ku Mexico, ndipo anaikidwa m'dzenje limodzi ku Fresno popanda mayina pamwala. Panapita zaka 65 kuti mwala wokhala ndi mayina awo uimikidwe mu 2013, mlembi Tim Z. Hernandez atagwira nawo ntchito yowafufuza.

Titamva zimenezi tinangoti chete, pakuti nkhaniyi inafanana ndi yathu. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera kumigodi ya ku Joni. Palibe ndi mmodzi yemwe m'kalasimo amene anatha kutchula dzina la wina mwa iwo. Aphunzitsi atatiuza kuti tilembe mayina a makolo a agogo athu, ambiri tinangogwira cholembera n'kumayang'ana kudenga.

Apa m'pamene tinachita manyazi. Ife timati Mulungu adzaitana ogona m'manda pa tsiku la kuuka, ndipo sanaiwale ngakhale mmodzi. Nanga bwanji ifeyo tawaiwala pasanathe mibadwo itatu? Kukana kulankhula ndi akufa sikutiletsa kulankhula za iwo. Baibulo lomwe lili ndi mitu yathunthu yongondandalika mayina a makolo.

Posachedwa tidzaimirira kutsogolo kwa ana amene abambo awo anatchona ku South Africa, ena agogo awo anagona ku Zimbabwe. Sitidzawaphunzitsa kuyatsa makandulo, koma tingathe kuwatuma kukafunsa kwawo kuti agogo anali ndani, ankalima chiyani, anaikidwa kuti.

Tisanatume anawo, tagwirizana kuyamba ndi ife eni. Tchuthi chikubwerachi aliyense apita kumudzi ndi kope, akakhale pamphasa ndi agogo akadali ndi moyo, n'kulemba.